Machaka achitsulo pa pheasant ndi partridge: titenge nambala 3, 4 kapena 5?

Bambo a Tadala (Norfolk): Moni nonse akuluakulu. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi funso. Ku esiteti komwe ndimagwira ganyu yopirikitsa mbalame Loweruka, kumapeto kwa Januwale amatipatsa tsiku lathu ife opirikitsa kuti nafenso tiombere nyengo isanatsekedwe pa 1 Febuluwale. Chaka chino woyang'anira nyama wanenetsa kuti safuna kuona chipolopolo cha mtovu pamalopo, aliyense abwere ndi zachitsulo. Ine ndinazolowera nambala 6 ya mtovu, magalamu 30. Kusitolo ndapeza mabokosi olembedwa 3, 4 ndi 5, ndipo wogulitsa wangoti tengani 4 osandifotokozera chifukwa. Mfuti yanga ndi 12 bore yakale (12 bore ndi saizi ya mpope wa mfuti ya machaka), ya mipope iwiri yogundizana m'mbali, ndinagula kwa mdala wina amene anasiya kusaka. Mbalame zake ndi pheasant, ndi partridge zochepa zimene zatsala. Ndithandizeni.

Malume Phiri (Perthshire): Takulandirani bambo a Tadala. Za nambala tiyambe taziika pambali. Chotsani kamtengo kakutsogolo kaja, mumasule mipope, muitembenuze. Pansi pake, pamalo ophwatalala pafupi ndi polowetsera zipolopolo, pali zidindo za proof house, malo oyesera kulimba kwa mfuti, ya ku Birmingham kapena ya ku London. Pukutani bwino mafuta, jambulani pamalo owala, mutitumizire. Tidziwe kaye ngati mfutiyo ingapirire chitsulo, ndiponso chitsulo cha mtundu uti.

Mwale (South Dakota): Achimwene musavutike, tengani 2 kapena 3. Kuno kwathu pheasant ndiye mbalame ya boma la South Dakota, nyengo imatsegulidwa Loweruka lachitatu la Okutobala, ndipo m'malo ambiri a boma mtovu saulola. Aliyense amene ndimayenda naye amagwiritsa 2 kapena 3 yachitsulo. Tom Roster, amene wakhala akuyesa machaka opanda mtovu kwa zaka zambiri, pa tebulo lake pheasant anaiikira 3 mpaka 2. Nambala 4 imangothothola nthenga.

Kamwendo (Birmingham): A Mwale imani kaye, mungapweteketse munthu mosadziwa. Nambala za machaka zili ngati za nsapato, 8 ya ku America si 8 ya kuno. Ku America nambala 6 ndi mamilimita 2.8, nambala 4 ndi 3.3, nambala 3 ndi pafupifupi 3.6, nambala 2 ndi 3.8. Kuno ku Britain nambala 6 ndi 2.6, nambala 5 ndi 2.8, nambala 4 ndi pafupifupi 3.1, nambala 3 ndi 3.25 kapena 3.3. Ndiye 4 yanu ija mukuti imathothola nthenga, kuno tikuitcha 3. Ndipo 2 yanu ya mamilimita 3.8 siyenera kulowa m'mfuti yakale ngati ya bambo a Tadala ngakhale pang'ono.

Mwale (South Dakota): Za kusiyana kwa manambalazi nzoona. Koma mfundo yanga ikadalipo, chitsulo chaching'ono sichipha bwino pheasant yamphongo ya mu Januwale. Nthenga zake zimakhala zakhwima, mafuta ali tho.

Kamwendo (Birmingham): Pamenepo sindikutsutsani. Kusiyana kwina nkwakuti inu kumeneko mbalame imadzuka patsogolo pa galu nkumathawa ikukupatsani mbuyo, ndiye machaka ayenera kubowola nthenga za kumchira ndi msana asanafike pamtima. Kuno mbalame amazipirikitsira kwa oombera, zimabwera chakumaso, mutu, khosi ndi chifuwa zili poyera. Nchifukwa chake kuno machaka ocheperako amagwira ntchito.

Bambo a Tadala (Norfolk): Chithunzi ndi chimenecho malume. Ndikuona chisoti chachifumu pamwamba pa zilembo BNP, kenako 12, kenako .729, kenako 2¾, ndi mawu akuti 3¼ tons.

Malume Phiri (Perthshire): Chabwino kwambiri. BNP ndi chidindo cha ku Birmingham chosonyeza kuti mfutiyo inayesedwa ndi wonga wamakono. Kalembedwe ka matani kameneko ndi ka malamulo a 1954, anakagwiritsa ntchito mpaka 1989. Ndipo 2¾ ikutanthauza kuti polowetsera zipolopolo ndi potalika mamilimita 70, zomwe ndi mwayi, chifukwa mfuti zambiri zakale za kuno ndi za 2½, mamilimita 65, ndipo m'menemo simuyenera kulowa chipolopolo cha 70. Chimene sindikuchiona pachithunzipo ndi kaduwa ka masamba atatu kotchedwa fleur-de-lys. Popanda kaduwa kameneko, mfuti yanu sinayesedwe ndi zipolopolo zachitsulo zamphamvu kwambiri zotchedwa High Performance. Inu gawo lanu ndi zolembedwa Standard basi. Bokosi lililonse musanalipire, werengani mawu amenewo.

Kamwendo (Birmingham): Ndiwonjezere pa zimene anena malume, chifukwa mawu akuti Standard ali ndi malire ake enieni oikidwa ndi CIP, bungwe la mayiko loona za kuyesa mfuti ndi zipolopolo, lomwe Britain ndi membala wake. Pa 12 bore, machaka asapose mamilimita 3.25, liwiro lisapose mamita 425 pa sekondi, ndipo kulemera kwa machaka mu makilogalamu kuchulukitsa ndi liwiro kusapose 12 Ns. Malire achitatuwa ndi amene anthu sawadziwa. Tengani magalamu 28 pa liwiro la mamita 400, mupeza 11.2, zili bwino. Koma magalamu 32 kuti akhalebe mkati mwa 12, liwiro lake silingapose mamita 375. Ndiye musaganize kuti mukagula cholemera mwapeza zonse. Mwapeza machaka ambiri, koma oyenda pang'onopang'ono.

Bambo a Tadala (Norfolk): Ndiye kuti 3 ya kuno ili pamalire penipeni?

Kamwendo (Birmingham): Eya. Ngati pabokosi alemba 3.25 ndi mawu akuti Standard, ndi yololedwa. Makampani ena amatsata manambala a kuno, ena a ku America, ena a ku Italy, ndiye mabokosi awiri olembedwa 4 akhoza kukhala ndi machaka osiyana. Ine nambala sindiiwerenganso, ndimafufuza mamilimita. Ngati sanalembe, dulani chipolopolo chimodzi chakumutu mosamala, kutali ndi kumene kuli wonga, mukhuthule machaka m'mbale, muyeze ndi kaliper, kachipangizo koyezera kukula kwa tinthu ting'onoting'ono.

Nabanda (Lincolnshire): Moni abambo. Ine sindiombera, ntchito yanga ndi kutola mbalame ndi agalu anga kuseri kwa mzere wa oombera, ndiye zotsatira za zipolopolo zanuzi ndimazigwira ndi manja. Bambo a Tadala, nambala 5 yachitsulo pa pheasant zouluka pamwamba ndikupempheni muisiye. Ndimaona mbalame yagwedezeka m'mwamba, mwendo umodzi walendewera, koma ikupitirira mpaka kukatera kutsidya kwa munda. Galu akaipeza patatha nthawi, ili moyo, yabisala pansi pa minga ikupuma movutika. Ukaisosola upeza timachaka tatsakamira pansi pa khungu la pachifuwa, sitinafike mkati. Zimandipweteka mtima kwambiri. Mbalame imene yapatsidwa 4 kapena 3 pamtunda woyenera imapinda mapiko pomwepo, ndipo nthawi zambiri machaka amatulukira kuseri.

Gondwe (Shropshire): Achemwali ndikumva chisoni chanucho, koma 5 musaiweruze yonse. Ine pa partridge za mu Seputembala ndi Okutobala ndimagwiritsa 5 yachitsulo, magalamu 28, ndipo zimagwa bwinobwino. Partridge ndi yaing'ono ngati nkhwali yakwathu, imadutsa pamwamba pa mpanda wa mitengo pa mayadi 20 kapena 25. Mukaipatsa 3, machaka ndi ochepa, pakati pawo pamatsala mipata yoti kambalame kotero kadutse osakhudzidwa, kapena kukhudzidwa ndi limodzi lokha kuphiko. Kumeneko nakonso ndi kuvulaza. Nkhunda zam'tchire nazonso 5 imazikwanira.

Nabanda (Lincolnshire): Pa partridge zapafupi sindikukanizani achimwene. Koma funso la bambo a Tadala ndi la kumapeto kwa Januwale. Mbalame zotsala nthawi imeneyo ndi zochenjera, zaomberedwapo kambirimbiri, zimadzuka patali nkukwera msanga.

Gondwe (Shropshire): Pamenepo tagwirizana. Mu Januwale inenso ndimasintha.

Kamwendo (Birmingham): Mkangano wa a Gondwe ndi a Nabanda uli ndi masamu ake, ndipo ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mtovu umalemera magalamu 11.3 pa sentimita imodzi ya kyubu, chitsulo 7.8 basi. Chaka limodzi la mtovu la nambala 6 limalemera pafupifupi magalamu 0.10. Lachitsulo la kukula komweko ndi 0.07. Lopepuka chonchi mphepo imalibweza msanga, likamafika pa mayadi 35 mphamvu yatha. Nchifukwa chake amati kwerani masitepe awiri: amene munkagwiritsa 6 ya mtovu tengani 4 yachitsulo, amene munkagwiritsa 5 tengani 3. Lachitsulo la nambala 4 limalemera pafupifupi 0.12, la nambala 3 pafupifupi 0.14.

Tsopano kuchuluka kwake. Mu magalamu 28 a mtovu wa nambala 6 muli machaka pafupifupi 270. Mu magalamu 28 a chitsulo cha nambala 4 muli pakati pa 230 ndi 240, a nambala 3 muli pafupifupi 200. Mukuona kuti potsika sipatali kwambiri. Komanso chitsulo chili ndi ubwino umene anthu ambiri sautchula. Mtovu ndi wofewa, wonga ukaphulika machaka akumbuyo amaphwanyika nkukhala osabulungira, ndipo amenewo amapatuka panjira nkutayika. Achitsulo amatuluka ali obulungira monga analowera, ndiye ambiri amafika pamodzi pakati. Choipa chake nchakuti mukalozera pambali pang'ono, palibe osochera oti akuthandizeni.

Malume Phiri (Perthshire): Zimenezi zikutifikitsa pa choke, kufinyika kwa mpope kumapeto kwake, ndipo bambo a Tadala apa mumvetsere bwino. Mfuti zakale za mipope iwiri kawirikawiri mpope wakumanja umakhala wotseguka, wakumanzere wofinyika kwambiri kumapeto, three-quarter kapena full. Mtovu ukafika pofinyikapo umagonja nkudutsa. Chitsulo sichigonja, chimakankha mpope. Ndinagwirapo mfuti ya mnzathu wina itatupa ngati yavala mphete chakumapeto kwa mpope wakumanzere, kachitsulo kolumikiza mipope kaja katayamba kumatuka. Sinaphulike, koma mtengo wake unathera pomwepo. Langizo la kuno ndi lakuti pa chitsulo musapose half choke, kutanthauza kufinyika kwa theka la milimita. Pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti akayeze choke ndi kukhuthala kwa zipupa za mipope, aonenso ngati mkati mulibe mabowo a dzimbiri. Ngati wakumanzere ndi wofinyika, akhoza kuukuza mosavuta. Musadandaule kuti mutaya mtunda, half pa chitsulo imasonkhanitsa machaka pafupifupi ngati full pa mtovu.

Ena amene muli ndi mfuti za mipope ya Damascus, ija yooneka mizere yopotana, chitsulo musachiyandikize. Zimenezo ndi za machaka a bismuth.

Gondwe (Shropshire): Bismuth yo mtengo wake malume! Bokosi limodzi mugula mabokosi angapo achitsulo.

Malume Phiri (Perthshire): Ndi yodula inde, koma ndi yofewa, siwononga mpope, ndipo kulemera kwake kuli pakati pa chitsulo ndi mtovu, ndiye mumangokwera sitepe imodzi. Kwa munthu woombera tsiku limodzi pachaka ndi mfuti ya agogo ake, ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi kuwononga mfutiyo.

Che Jafali (Zomba): Salaam abale. Ine ndimangowerenga kuno kumudzi, koma lero ndalephera kukhala chete. Kodi mtovuwo walakwa chiyani kuti azungu aukane chonchi? Kuno ku Chilwa anthu akhala akupha abakha ndi atsekwe kuyambira kale, ambiri ndi misampha, ena ndi mfuti za machaka.

Nabanda (Lincolnshire): Che Jafali funso lanu ndi lofunika, ndipo Chilwa ikukhudzidwa kwambiri kuposa minda ya kuno. Pa machaka mazana awiri ndi kanthu otuluka m'chipolopolo, ogunda mbalame ndi ochepa chabe, ena onse amagwera pansi kapena m'madzi. Bakha akamasefa matope kufuna chakudya amawameza poyesa timiyala tomwe amasunga m'nthutumba. Nthutumba imaupera mtovuwo, umalowa m'magazi, mbalame imafooka, mapiko amagwa, imafa pang'onopang'ono m'mabango momwe palibe akuiona. Akatswiri a WWT, bungwe loteteza mbalame zam'madzi ndi madambo, anayerekezera kuti kuno ku Britain mbalame zam'madzi pakati pa 50,000 ndi 100,000 zimafa chaka chilichonse mwanjira imeneyi. Ziwombankhanga ndi akabawi odya mitembo yake nawonso amadwala. Nyanja yosaya yamatope ngati Chilwa, imene inalembedwa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 1996, ndi malo enieni amene vuto lotere limachitikira.

Kwa anthu nakonso kuli nkhani. Mtovu ukagunda fupa umanyenyeka tizidutswa tosaoneka ndi maso, simungatichotse tonse. Mu 2012 bungwe la Food Standards Agency linalangiza kuti odya pafupipafupi nyama yophedwa ndi mtovu achepetse, makamaka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Ine ana anga ndimawapatsa mbalame zimene ndikudziwa kuti zaphedwa ndi chitsulo.

Che Jafali (Zomba): Zikomo mayi, zimenezi kuno sizikambidwa. Koma zipolopolo zachitsulo ine sindinazionepo m'manja mwa munthu kuno. Anyamata ena a mfuti za gogodera amathiramo timipira ta mabering'i a njinga. Si chitsulo chomwecho?

Kamwendo (Birmingham): Ayi Che Jafali, chonde muwaletse. Machaka achitsulo a m'zipolopolo amapangidwa ndi chitsulo chofewetsedwa dala, ndipo amakhala mkati mwa kachikho kokhuthala kotchedwa wad, komwe kamawatchinga kuti asakhudze mpope. Timipira ta mabering'i ndi chitsulo cholimbitsidwa, cholimba kuposa mpope weniweniwo. Mu gogodera yopangidwa ndi paipi wamba, imeneyo ndi ngozi ya manja ndi maso a mwini wake. Komanso tikagunda mwala kapena mtengo wouma timabwerera.

Malume Phiri (Perthshire): Za kubwererazi zikukhudzanso inu bambo a Tadala. Minda ya ku Norfolk ndi yodzaza miyala ya flint, ndipo mu Januwale nthaka imakhala itauma gwa ndi chisanu. Chitsulo chimadumpha pamwala, pamadzi, ngakhale pakhungwa la mtengo, kuposa mtovu. Mbalame yotsika musaiombere, muone thambo kuseri kwake. Valani magalasi oteteza maso, ndipo anzanu opirikitsa muwauze avalenso.

Mwale (South Dakota): Kuno mtovu pa abakha ndi atsekwe unaletsedwa dziko lonse mu 1991. Akuluakulu amene analipo amati poyamba kunali kulira kokhakokha, zipolopolo zake zinali zosapangidwa bwino. Lero palibe amakambanso. Kumeneko lamulo lafika pati?

Malume Phiri (Perthshire): Pa mbalame zam'madzi lamulo lilipo kale: England 1999, Wales 2002, Scotland 2004. Ku England ndi ku Wales simungaombere bakha kapena tsekwe ndi mtovu kulikonse, kuno ku Scotland choletsedwa ndi kuombera mtovu pamadambo. Mu Febuluwale 2020 mabungwe asanu ndi anayi a zosaka ndi zakumidzi, kuphatikizapo BASC ndi GWCT, anapempha anthu kuti asiye okha mtovu pa zaka zisanu. Sizinayende. Ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge ankagula pheasant m'masitolo nkumayeza machaka opezeka mkati, ndipo chaka ndi chaka zoposa 90 pa 100 zinali za mtovu. Ndiye mu Julayi 2025 boma linalengeza kuti liletsa machaka okhala ndi mtovu woposa 1 pa 100 ku England, Scotland ndi Wales, ndi nthawi yosinthira ya zaka zitatu. Denmark inaletsa kale mu 1996 ndipo anthu akusakabe. Woyang'anira nyama wa bambo a Tadala wangotsogolako, tonse tikupita komweko.

Gondwe (Shropshire): Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi wad. Tinasiya zapulasitiki kuti ng'ombe ndi nkhosa zisamameze m'mabusa, tinapita ku zaulusi. Tsopano chitsulo chikufuna kachikho. Mufunse woyang'anirayo ngati akufuna zosungunuka. Makampani a zipolopolo a Eley, Gamebore ndi Hull onse ali nazo zamtundu umenewo.

Bambo a Tadala (Norfolk): Wanena kale kuti pulasitiki wamba ayi. Mawa ndikupita kwa mmisiri.

Bambo a Tadala (Norfolk): Ndabwerako akuluakulu. Zipupa za mipope akuti zili bwino, mkati mosalala. Wakumanja ndi quarter, wakumanzere unali three-quarter, monga munanenera malume. Ndausiya kuti aukuze ufike pa half, ndikatenga Lachisanu. Ndagula bokosi la 4 lolembedwa 3.1 ndi la 3 lolembedwa 3.25, onse Standard, magalamu 30.

Kamwendo (Birmingham): Mwachita bwino kugula onse awiri. Tsopano musakayesere pa mbalame. Pemphani malo kwa woyang'anira, mupeze makatoni akuluakulu, muwakhomere pa mtengo wopingasa kutsogolo kwa mulu wa dothi lofewa. Chimbale chachitsulo chimene anthu amayeserapo zipolopolo za mtovu musachigwiritse, machaka adzakubwererani. Yezani mayadi 30 ndi tepi, kenako 40, osati ndi mapazi. Mukaombera, pezani pomwe mabowo achulukira, jambulani bwalo la mainchesi 30 kuzungulira pamenepo, muwerenge. Tebulo la Roster lija a Mwale anatchula limafuna mabowo osachepera 90 mpaka 95 m'bwalomo pa pheasant. Mtunda umene chiwerengero chatsikira pansi pa pamenepo, kapena pomwe mwayamba kuona mipata yoti pheasant yonse ingakwanemo, ndiwo malire a mfuti yanu. Mpope uliwonse muuyese kangapo, chipolopolo chimodzi sichinena zoona zonse.

Malume Phiri (Perthshire): Ine maganizo anga ndi awa. Mpope wakumanja ikani 4, ndi wa mbalame yoyamba imene ikubwera. Wakumanzere ikani 3, wa mbalame yapatali kapena yomalizitsa yovulala. Ngati kusakaniza kukusokonezani m'thumba, tengani 4 yokha, ndipo chilichonse chopitirira mayadi 35 muchisiye chipite. Zipolopolo za Standard si za mbalame zam'mitambo zimene anthu amajambula ku Devon ndi ku Wales. Amenewo ali ndi mfuti zolemera za kaduwa kaja ndi zipolopolo za mamilimita 76.

Bambo a Tadala (Norfolk): Ndayesa lero m'mawa. Pa mayadi 30 onse awiri adzaza bwalo bwinobwino. Pa 40, nambala 4 mu mpope wakumanzere yapitirira 90 uja ndi patali, nambala 3 yapitiriranso koma mipata ikuoneka m'mbali. Wakumanja pa 40 wabalalika. Chandidabwitsa nchakuti pakati pa mabowo pali chakumwamba pang'ono kuposa pomwe ndimalozera. Ndikuganiza zotsata malume, 4 kumanja, 3 kumanzere.

Gondwe (Shropshire): Kukwera pang'onoko nkwabwino pa mbalame yobwera chakumaso, mfuti zambiri za kuno anazipanga choncho dala. Musakonze chilichonse.

Nabanda (Lincolnshire): Mukabwera nazo kunyumba, mayi a Tadala muwachenjeze posenga ndi pophika. Chaka lachitsulo likakumana ndi dzino, losweka ndi dzino. Ine ndimatsata kabowo kalikonse pachifuwa ndi nsonga ya mpeni, kenako ndimayendetsa maginito wamphamvu pamwamba pa nyama. Zipolopolo zotsala muzisunge pouma m'nyumba, osati m'galimoto kapena m'shedi. Chitsulo chimachita dzimbiri machaka nkumatana, ndipo wad wosungunuka uja sagwirizana ndi chinyezi.

Malume Phiri (Perthshire): Komanso usiku wa Lachisanu mukhuthule matumba onse a jekete ndi chikwama, zamtovu zakale zisatsalemo ngakhale chimodzi. Ndipo poti ndi tsiku la opirikitsa, mufunsiretu ngati akulola zazikazi kapena ndi atambala okha, chifukwa maesiteti ambiri kumapeto kwa nyengo amasunga zazikazi.

Bambo a Tadala (Norfolk): Ndafunsa, akuti atambala okha, partridge ndi zololedwa. Tikumana 8:30 pabwalo la famu. Zikomo nonse.